Ndinkafuna helikopita koma ndinayambira pa Cessna: zomwe zinandionekera ku South Africa

Mtima wanga unali pa helikopita kuyambira kale. Kwathu ndi ku Chigwa cha Shire, ndipo amene anaona madzi osefukira a mu Januwale 2015 akukumbukira kuti ku Makhanga munthu ankafikako pa bwato kapena pa helikopita basi. Kenako mu 2016 ndi 2017 a African Parks anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo njovuzo ankazibaya mankhwala ogonetsa ali m'mwamba, helikopita ikuuluka motsika kwambiri pamwamba pa mitengo. Ntchito imene ndinkailota ndi imeneyo. Za yunifolomu ya ndege zikuluzikulu zonyamula anthu sizinkandikoka n'komwe.

Ndalama zophunzirira kuuluka zinachokera kwa a malume amene anandilera. Anagulitsa puloti yawo ku Blantyre, mayi nawo anawonjezerapo za ku banki nkhonde. Sizinali zokwanira maphunziro onse, choncho tinagwirizana kuti zina azitumiza pang'onopang'ono.

Tinapita kwa bambo wina amene amapezera ana a ku Malawi malo m'masukulu a ku South Africa. Nditamuuza za helikopita anapukusa mutu. "Achimwene, helikopita ndi yodula. Yambani kaye ndi ndege yaing'ono, maola ake ndi otchipa. Mukatenga laisensi kusintha n'kosavuta, zili ngati munthu wa laisensi ya galimoto yaing'ono akafuna ya lole." A malume anaona kuti ndi nzeru, inenso ndinaona chimodzimodzi. Bamboyo sanayendetsepo ndege iliyonse, koma izi ndinadzazidziwa mochedwa.

Ndinafika ku Gauteng mu 2022 n'kulembetsa pa sukulu ina ya pa bwalo laling'ono la ndege. Chinthu choyamba ndi kukayezetsa thupi kwa dokotala wovomerezeka ndi bungwe loona za maulendo a pandege kumeneko, la SACAA. Pa laisensi yoyamba, ya PPL, imene siikulola kuuluka pa malipiro, amafuna satifiketi ya Class 2 yokha. Koma ngati cholinga chanu ndi kudzagwira ntchito, mudzafunika Class 1, ndiye yezetsani imeneyo musanalipire tambala iliyonse ku sukulu. Mnzanga wina wa ku Zambia anamaliza PPL yonse, ndipo pofuna Class 1 m'pamene anamupeza ndi vuto la mtima limene sankalidziwa. Analongedza n'kubwerera kwawo.

Maphunziro a ndege ya mapiko ndinawakonda, sindinama. Lamulo la ku South Africa limafuna maola osachepera 45 pa PPL ya ndege, ngakhale ambiri timapitirira. Pali mayeso olemba a malamulo a m'mlengalenga, nyengo, kapezedwe ka njira, kagwiridwe ntchito ka ndege ndi ena, ndipo kuti ukhoze uyenera kupeza 75 pa 100. Palinso laisensi yolankhulira pa wailesi ndi mayeso a Chingerezi. Tsiku limene mphunzitsi anatsika m'kandege kathu ka Cessna 172 n'kunditsekera chitseko kuti ndizungulire bwalo ndekha, miyendo inkanjenjemera pa mapedulo, koma nditatera ndinaimbira mayi foni misozi ikutuluka. Laisensi itatuluka ndinapitiriza kubwereka Cessna yomweyo n'kumadziunjikira maola, popeza anandiuza kuti maola otchipa ndi amenewa. Gawo lalikulu la ndalama za puloti linathera pamenepo.

Nditaona kuti nthawi yakwana, ndinanyamula logbook yanga, buku lolembamo maola ouluka, kupita ku sukulu ya helikopita, pa bwalo lomwelo, mbali ina ya mahangala, nyumba zosungiramo ndege. Mkulu wa aphunzitsi anali mayi wachikulire ndithu amene anauluka zaka zambiri m'nkhalango zosungira nyama. Anatsegula bukulo, kuyendetsa chala m'mizere yonse mpaka kumapeto, kenako anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo: "Ukufuna kudzagwira ntchito yanji?" Nditamuuza, anatenga laisensi yanga n'kundiloza chilembo chimene chili pambali pa PPL. Chinali A, kutanthauza ndege ya mapiko. Ya helikopita imakhala ndi H, ndipo ndi laisensi ina payokha, yokhala ndi maola ake, mayeso ake apansi ndi mayeso ake a m'mwamba. PPL ya helikopita imafuna maola osachepera 50, CPL, laisensi yogwirira ntchito, imafuna 200. Pa maola anga a Cessna lamulo linkalola kuwerengerako gawo chabe. Chimene chinandibaya kwambiri ndi chimene ananena pomaliza. Ngakhale lamulo likuwerengere, wolemba ntchito ndi kampani ya inshulansi sayang'ana zimenezo. Iwo amafunsa maola a helikopita, makamaka a mtundu weniweni umene akufuna kukupatsa.

Usiku umenewo ndinaimbira a malume. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, koma anakhala chete nthawi yaitali mpaka ndinaganiza kuti netiweki yaduka. Kenako anati, "Mphwanga, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Usankhe chimodzi. Ndalama yachiwiri kulibe." Ndinati, "Ndamva a malume, koma mundilole ndiyeseko kaye maola ochepa."

Pano ndiikepo chimene ndimauza aliyense wondifunsa. Masukulu ambiri amagulitsa ulendo woyeserera, waufupi, umene amakulola kugwira chiwongolero. Lipirani umodzi pa ndege, wina pa helikopita, musanasaine pepala lililonse. Ndipo funso la maola owerengeredwa mulifunse kwa mkulu wa aphunzitsi wa sukulu imene ili ndi mahelikopita, akuyankheni polemba. Munthu wopezera anthu malo amalandira kangachepe mukalembetsa, za zaka zitatu zikubwerazo sizimukhudza.

Helikopita yophunzirira inali Robinson R22, ya mipando iwiri, yopangidwa ku Torrance, California. Ola lake linkadya ndalama pafupifupi kuwirikiza kawiri ola la Cessna. Zonse zinali zachilendo. M'ndege woyendetsa amakhala kumanzere, m'menemu ndinakhala kumanja. Dzanja lamanja limagwira cyclic, ndodo imene imapendeketsa mapiko ozungulira pamwambapo kuti upite kutsogolo, kumbuyo kapena cham'mbali. Lamanzere limagwira collective, imene ukaikoka helikopita imakwera, ukaitsitsa imatsika. Mapazi ali pa mapedulo olamulira kachipiko ka kumchira, koletsa kuti thupi la helikopita lisamazungulire. Vuto ndi lakuti ukakhudza chimodzi, zinazo zimafuna kukonzedwa nthawi yomweyo. Ukakoka collective mphuno imathawira kumanja, uponde pedulo ya kumanzere. Ukaponda, helikopita imayamba kutsetsereka, ubweze ndi cyclic.

Cessna ukaiika bwino n'kuisiya, imapitiriza yokha. R22 suisiya ngakhale pang'ono. Kuphunzira hover, kuima malo amodzi pamwamba pa udzu, kunandichititsa manyazi koopsa. Mphunzitsi anandipatsa bwalo lalikulu ngati la mpira, koma ndinkalilephera. Helikopita inkapita uku ndi uku, ine thukuta kamukamu, zala zitauma pa cyclic. Iye ankangoti, "Yang'ana patali, usayang'ane pansi apa. Dzanja uliike pa ntchafu, uyendetse ndi zala." Munthu amene ndinali kale ndi laisensi m'thumba ndinkabwerera ku chipinda changa ndikudzifunsa ngati mutu wanga ukugwira. Kenako m'mawa wina zinangotheka. Sindingafotokoze chimene chinasintha. Manja anangosiya kulimbana nayo.

Choopsa chenicheni chinadza pambuyo pake, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba nkhaniyi. Tinali pa ulendo wamba kunja kwa mzinda, ine ndikuyendetsa, pamene chimbalame chinatulukira kutsogolo kwathu. Ndisanaganize, dzanja linakankha cyclic kutsogolo mwamphamvu kuti tidutse pansi pake. M'Cessna zimenezo ndi zolondola. Ndinamva thupi likupepuka pa mpando, m'mimba mukukwera, ndipo helikopita inayamba kupendekera kumanja. Mphunzitsi anakuwa, "I have control!" Anabweza cyclic kumbuyo pang'onopang'ono mpaka kulemera kunabwerera, kenako m'pamene anawongola kupendekako. Sanayankhulenso mpaka tinatera.

Titazimitsa injini anandikhazika pansi m'hangala n'kujambula papepala. R22 ili ndi mapiko awiri okha amene amapendama pa mtengo wa pakati. Thupi la helikopita limalendewera pansi pawo. Ukakankha mwadzidzidzi kutsogolo, kulemerako kumachoka pa mapiko, ndiye cyclic siigwiranso thupi, pamene kachipiko ka kumchira kakupitiriza kukankha n'kukugubuduzira kumanja. Ukayesa kuwongola ndi cyclic kumanzere nthawi imeneyo, tsinde la mapiko limamenya mtengo uja, ndipo mapiko amatha kuthothoka kapena kudula mchira m'mwamba momwemo. Amati mast bumping. Anandipatsanso chenjezo limene kampani ya Robinson inalemba m'buku la helikopitayo, lonena za oyendetsa ndege za mapiko amene asamukira ku helikopita. Limafotokoza ndendende zimene ndinachita. Limatchulanso china: m'ndege, belu lochenjeza likalira, unazolowera kutsitsa mphuno. Mu R22 belu likalira ndiye kuti mapiko achepa liwiro, ndipo chopulumutsa ndi kutsitsa collective. Injini ikazima uli ndi masekondi osakwana awiri kuti uchite zimenezo, apo ayi mapiko aima ndipo sadzazunguliranso. Ukafulumira, mphepo yochokera pansi imawazunguza yokha n'kutera bwinobwino, zimene amati autorotation.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Maola aja ndinkawayesa chuma, koma anali atalowetsa m'manja mwanga chizolowezi chimene chikanatipha tonse awiri. Maola ambiri otsatira ndinalipira pofuna kuchotsa zimene ndinalipira kuti ndiphunzire. Mphunzitsi ankatseka mafuta mosandichenjeza, mobwerezabwereza, mpaka dzanja lamanzere linayamba kutsika lokha.

Kuchedwa kwina kunachokera kumudzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100, ndipo ndalama zimene a malume ankatumiza mwezi ndi mwezi zinayamba kugula marandi ochepa kwambiri kusiyana ndi kale. Ngakhale zimenezo kuzipeza ku banki kunali kovuta chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Ndinayamba kuuluka mwa apo ndi apo, ndipo pa helikopita zimenezi ndi kutaya ndalama: ukakhala milungu ingapo osakwera, ola loyamba limathera kukumbutsa manja hover. Ndikanadziwa, ndikanaima kaye n'kulemba mayeso onse apansi, ndalama zikuunjikana, kenako n'kuuluka motsatizana.

Ndalama zitapezekako, sukulu inandinyengerera kuti ndilipiriretu maola ambiri pamtengo wotsikirako. Ndinalipira. Pasanapite nthawi R22 imene tinkadalira inafika maola 2,200, pamene lamulo la wopanga limafuna kuti iphwasulidwe yonse n'kukonzedwanso. Inalowa m'hangala, zipangizo zikudikiridwa kuchokera ku America, ndipo inatha miyezi. Ina imene inatsala tinkailimbirana ophunzira tonse. Ndalama zanga zinali m'manja mwawo, kupita kwina sindikanatha. Iwo ankadziwa kuti maolawo akutha, chifukwa amalembedwa tsiku ndi tsiku. Musanalipire, funsani kuti ali ndi mahelikopita angati a mtundu womwewo, ndipo iliyonse yatsala ndi maola angati kuti ipite kokonzedwa. Funsaninso kuti mukafuna kuchoka ndalama zanu zimabwezedwa bwanji. Visa ya maphunziro nayo siidikira helikopita. Yanga ndinachita kukaiwonjezera, ndi ndalama zinanso.

Za nyengo ndingonena mwachidule. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndipo kukatentha R22 yonyamula anthu awiri imavutika kudzuka. M'chilimwe masana kumagwa mvula ya mabingu. Choncho nthawi yabwino ndi mamawa, ndipo ndi imene aliyense amaifuna. Ngati ndinu a thupi lalikulu dziwaninso kuti mpando wa R22 sulola kupitirira makilogalamu 109, ndiye mungakakamizike kuphunzirira pa R44, yodula kwambiri.

PPL ya helikopita itatuluka ndinaganiza kuti phiri ndalitsika, koma m'pamene ndinayamba kumvetsa nkhani ya ma rating. Laisensi imangonena kuti ndiwe woyendetsa. Zimene ukuloledwa kuyendetsa, nthawi yanji ndi pa ntchito yanji, zimalembedwa padera. Ku ndege zazing'ono za injini imodzi, zambiri zili m'gulu limodzi, ndipo kuchoka pa Cessna 152 kupita pa 172 ndi maphunziro ochepa. Ku helikopita mtundu uliwonse umafuna rating yakeyake. Wa R22 sangakwere R44 popanda maphunziro ndi kuyesedwa, ngakhale zonse ndi za kampani imodzi. Ndipo ntchito zenizeni, za m'nkhalango, za migodi, zopulumutsa anthu, zambiri zimagwiridwa ndi za injini ya turbine monga Bell 206 ndi AS350 imene ambiri amaitchula Squirrel. Ola limodzi la zimenezo ndinkaliwerengera m'makwacha n'kuona malipiro a mphunzitsi wa ku pulayimale a miyezi ingapo. Pamwamba pa izo, ku South Africa kuli rating yonyamulira katundu pa chingwe pansi pa helikopita, yokwezera anthu pa chingwe, ndi ina ya ntchito za nyama za m'tchire. Njovu za ku Liwonde zija zinali kutali kuposa mmene ndinkaganizira.

Anzanga a ku ndege njira yawo inali yooneka bwino. CPL pa maola 200, rating ya usiku, ya injini ziwiri, ndi youlukira m'mitambo podalira zipangizo zokha. Akatero ena amaphunzitsa, ena amapita ku Maun ku Botswana kukafuna ntchito yonyamula alendo pa Cessna 206, kenako Caravan yokulirapo, mpaka maola 1,500 a ATPL, laisensi yapamwamba ya oyendetsa ndege zikuluzikulu. Ndege monga Dash 8 Q400 ndi Boeing 737 zimene Malawi Airlines imagwiritsa ntchito nazo zimafuna rating yakeyake, koma pofika pamenepo munthu amakhala ali kale pa malipiro. Ku helikopita mpata wa pakati pa maola 200 ndi maola amene olemba ntchito amafuna ndi waukulu, ndipo mlatho wake kwa ambiri ndi umodzi, uphunzitsi.

Apa m'pamene ndinafika pa mphambano. Ndinabwerera kwa mayi uja, tinakhala ndi pepala n'kulemba mbali ziwiri. Kubwerera ku Cessna kukamaliza CPL ya ndege kunali kotchipa ndiponso kwachangu, popeza maola ndinali nawo kale. Sanandinyengerere mbali iliyonse. Anangoti, "Ngati ukufuna ntchito msanga, bwerera. Ngati ukabwerera udzakhala ukuyang'ana kumwamba helikopita ikamadutsa, khala, koma udziwe kuti zaka zoyamba ndi za njala." Ndinaganiza sabata yathunthu. Kwa munthu wina aliyense wa ndalama zochepa ngati zanga, ndikanamulangiza kubwerera, ndipo mpaka lero ndimatero. Ine ndinakhala. A malume nditawauza anati, "Wasankha wekha, usadzandilirire." Mwezi wotsatira anatumiza ndalama monga mwa nthawi zonse.

Visa ya maphunziro imalola kugwira ganyu maola 20 pa sabata, ndiye ndinayamba kuthandiza m'hangala: kukankha mahelikopita, kuthira mafuta, kutsuka magalasi, kulemba mabuku a maulendo. Malipiro anali ochepa, koma amakaniko anandiphunzitsa zambiri za makina zimene m'kalasi sindinazimve, ndipo helikopita ikafunika kupititsidwa ku bwalo lina ankandikumbukira. Mayeso apansi a CPL ndinalemba a helikopita, chifukwa kaulukidwe ndi makina ake n'zosiyana ndi za ndege. Apa ndinene chilungamo: maphunziro a Cessna sanapite pachabe onse. Pa wailesi, pa mapu ndi pa nyengo ndinali patsogolo pa anzanga, ndipo pamene iwo ankachita chibwibwi polankhula ndi a pa nsanja, ine maganizo onse anali pa manja. Koma phindu limenelo silifanana ndi mtengo umene ndinalipira. Amene akufuna zonse ziwiri, ayambe ndi chimene adzadyere, chinacho adzawonjezere ali pa ntchito.

CPL ya helikopita ndinaitenga mu 2025, ndili ndi rating ya R22 ndi R44. Nditafunsa za kumudzi ndinapeza khomo linanso. Laisensi ya SACAA imandilola kuyendetsa zolembetsedwa ku South Africa. Ya nambala yoyamba ndi 7Q ya ku Malawi, kapena 9J ya ku Zambia, imafuna kuti akuluakulu oona za ndege a dzikolo avomereze laisensiyo kapena aisinthe kukhala yawo, ndipo amayang'ana logbook, satifiketi ya dokotala ndi ma rating onse. Choncho logbook muziisamala ngati chiphaso cha malo: ola lililonse lisainidwe, sitampu iliyonse ikhalepo, ndipo muzijambula masamba ake pa foni. Mahelikopita a anthu wamba ku Malawi ndi owerengeka, ndipo ku South Africa mlendo kuti apeze chilolezo chogwirira ntchito si zapafupi. Zimenezi muziganizire musananyamuke, osati mutamaliza.

Laisensi ya ndege ija ndinaisiya kuti ithe mphamvu, chifukwa kusunga ziwiri kumafuna kuuluka ndi kuyesedwa mbali zonse, ndipo thumba silikulola. Pakali pano ndikuchita maphunziro a uphunzitsi, gawo loyamba lotchedwa Grade III, ndipo ndasamukira ku mpando wa kumanzere kumene ankakhala mphunzitsi wanga. Ndikamaliza ndiyamba kubweza ngongole ya ku banki nkhonde ya mayi, kenako puloti ya a malume.